Zidzafunika Tsiku Lina

Mvula ya kwathu kuno ku Mlangeni, imene imachokera kumapiri a ku Angónia ndi kuwoloka msewu waukulu wa M1 popanda kuonetsa chiphaso kwa munthu aliyense, ngakhale kuti msewuwo m'malo ambiri ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ili ndi khalidwe limodzi loipa, lakuti imadziwa nyumba ya munthu wosauka koposa mwini wake. Chilimwe chonse umagona mtima uli m'malo, kuyesa kuti denga lako nlabwino. Koma ikangogunda ya mu Disembala, timabowo tonse ta misomali timene dzimbiri lakhala likukuza mwakachetechete timayamba kukhetsa misozi, ndipo pamenepo mpamene umakumbukira kuti pansi pano pali anthu ogulitsa malata. Ine ndinawakumbukira, ndipo ndinapita kukafunsa mtengo. Mnyamata wa m'sitolomo atautchula, ndinamuuza mwaulemu kuti sindinabwere kudzagula sitolo yonse, koma lata limodzi lokha. Iye anandiyankha kuti mtengo wa lata limodzi ndi womwewo, ndi kuti ndikazengereza kufikira sabata ya mawa ndidzaupeza utakula. Indetu akuluakulu sananame, mvula ikakuona litsiro sikata.

Choipa koposa nchakuti madziwo, posiya zipinda zonse zimene akanatha kudonthamo popanda mlandu, anasankha chipinda chakumapeto, m'mene ndimasungamo chuma changa. Ndikuti chuma pakuti ndine mwini wake; ena pakhomo pano amachitchula ndi dzina lina losayenera kulembedwa m'nyuzipepala. M'menemo muli matumba a feteleza opanda kanthu, opindidwa mwaulemu ndi kumangidwa ndi luzi. Muli wailesi zimene zinasiya kulankhula, ndipo yaikulu mwa izo inatsamwa itangotiuza zotsatira za referendamu ya mu 1993, poti nkhaniyo inailemera pakhosi. Muli nsapato za phazi lamanzere zimene zinzake zakumanja zinatsogola kale kumanda. Muli zitini za mkaka zodzaza ndi misomali imene ndinaiwongola ndekha pamwala. Muli makadi a chipani a nthawi ya Kamuzu, amene popanda iwo munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi. Muli ndalama zachitsulo za matambala, zimene lero ngakhale utazidzaza m'chipewa sungagule nazo mtengo umodzi wa machesi. Mulinso tcheni cha njinga imene inabedwa a Bakili Muluzi akadali pampando, ndipo ndimachidzoza mafuta chaka ndi chaka, kuti wakubayo akadzalapa ndi kubweza njingayo, idzapeze tcheni chake chikuidikira.

Mayi a kunyumba kwanga ataona madzi akuyenderera pansi pa chitseko, analowa, nanunkhiza, natuluka.

"Inu bambo, zinthu zanuzi zayamba kumera bowa. Sankhani lero: zituluke izo, kapena nditulukemo ine."

"Mayi, lezani mtima. Zidzafunika tsiku lina."

"Mawu amenewo ndinayamba kuwamva mwana wathu woyamba ali kumsana, ndipo lero nayenso ali ndi wake kumsana. Tsiku limenelo lili pa kalendala ya dziko liti?"

Ndinawakumbutsa, monga ayenera kuchitira mutu wa banja wowerenga Malembo, kuti Nowa anasekedwa ndi anansi ake onse, ndi kuti mosakayika mkazi wake anadandaula ndi fungo la m'chingalawamo, komabe iye anasunga ngakhale njoka ndi makoswe, zinthu zimene sizinafunikepo kufikira lero. Ndinawakumbutsanso za Yosefe, amene anakwezedwa nakhala nduna yaikulu ya Aigupto chifukwa cha nzeru yosatayataya zinthu. Anandiyankha kuti Yosefe ankasunga tirigu, osati nsapato zamanzere. Pamenepo ndinasiya Malembo ndi kutulutsa umboni wa masiku athu ano. Mu Meyi 2022 kwacha yathu inadulidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inadulidwanso ndi 44, kotero kuti tindalama ta kachewere timene ndinatisunga mwanzeru, monga amatilangizira ophunzira, tinagona tili mbuzi ndi kudzuka tili nkhuku. Koma msomali wa mainchesi anayi umene ndinauponya m'chitini zaka zapitazo ukadali wa mainchesi anayi, pakuti palibe bungwe limene linakhalapo pansi usiku ndi kugwirizana kuti liufupikitse. Kodi pakati pa ndalama ndi msomali, wokhulupirika ndani? Iwo anangoti mfuu, nabwerera kukhitchini.

Mlanduwo usanagamulidwe, inakwana nthawi yoti ndikapereke thumba la kachewere ndi nyemba kwa mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira ku yunivesite ku Zomba, poti umalume ndi ngongole yosatha. Mayi ananditsanzika ndi kukoma mtima kwachilendo, mpaka kundinyamulira thumbalo kukafika kumsewu. Za ulendowo sindinena zambiri: Ntcheu, Balaka, mtsinje wa Shire pa Liwonde, Machinga, Domasi, ndipo kondakitala analipiritsa thumba langa ngati munthu wamkulu, chonsecho linakhala pamiyendo panga.

Zomba ndinaipeza itafunda mtambo kuyambira pamwamba pa phiri kufikira kumsika, madzi a Mulunguzi akuchita mkokomo. Ndipo ndisanayende mtunda wautali mtima wanga unayamba kusangalala, pakuti ndinazindikira kuti boma nalonso lili ndi chipinda chake chakumapeto. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, zinthu zimene boma silinathe kunyamula, ndiponso silinalimbe mtima kuzitaya, linazisiya kumeneko: nyumba zakale za atsamunda za makonde aataliatali, nyumba yakale ya malamulo, chipilala cha asilikali a King's African Rifles. Koma chimene chinandigwetsa misozi ndi National Archives, nyumba yosungiramo mapepala akale, imene yakhala ikugwira ntchito imeneyi chiyambire 1947. Taonani, anthu ovala mataye, olandira malipiro mwezi ndi mwezi, ntchito yawo nkusunga makalata a anthu amene anafa kalekale, ndipo akatswiri amachokera ku London ndi kwina kutali kudzawawerenga, ndipo palibe mkazi amene amaima pakhomo ndi kunena kuti zituluke izo kapena atuluke iye! Ndinaima pamvula chipewa chili m'manja, kupereka ulemu kwa anzanga a ntchito imodzi, ndi kulingalira kuti kusiyana kwa iwo ndi ine ndi tayi basi.

Sukulu ya mphwangayo inasamukira ku Chirunga mu 1973 kuchokera ku Blantyre, ndipo popeza ofuna maphunziro achuluka koposa malo ogona, ambiri amachita lendi kwa Chikanda, kumene nanenso ndinakamupeza. Kachipinda kake kanali ndi matiresi pansi, mpando umodzi, poto mmodzi, mabuku, ndi foni yomwe ankaisamala koposa moyo wake. Nditamufotokozera za chizunzo chimene ndinasiya kumudzi, iye, m'malo moima kumbali ya malume wake amene wamubweretsera chakudya, anandiuza za mayi wina wa ku Japan, dzina lake Marie Kondo, amene anatchuka dziko lonse lapansi pophunzitsa anthu kutaya katundu. Akuti munthu agwire chinthu chilichonse m'manja ndi kudzifunsa ngati chikumukondweretsa mtima. Chikapanda kutero, achithokoze ndi kuchitaya. Ndinatseka maso ndi kuyesa njira imeneyi pa chuma changa chonse, chimodzichimodzi, ndipo ndinapeza kuti chilichonse chimandikondweretsa kwambiri, makamaka tcheni. Chimene sichindikondweretsa ndi kabuku ka ngongole za kugolosale, ndipo kameneko ndine wokonzeka kukathokoza ndi kukataya lero lomwe, mwini golosale akalola. Ndinamuuza mnyamatayo kuti chiphunzitso chimenechi nchokoma kwa anthu amene akataya chinthu Lolemba angathe kugula china Lachiwiri.

Tili m'kati mokambirana, mvula inalimbika, ndipo dontho linagwa pakati pa mabuku. Mnyamatayo, mosadabwa konse, anatenga poto uja natchera.

"Nanga kachewereyu tiphikira muti?"

"Amalume, kuno mvula ikamagwa sitiphika. Timadikira ikate."

Abale anga, chimwemwe chimene chinandigwira pamenepo sindinachimvepo chikwatirire. Ndinabwereka foni ija ndi kuimbira kumudzi: "Mayi, tsiku lija lafika! Chitini chafunika!" Iwo anandiyankha modekha kuti chitini chili ku Mlangeni ndipo kudontha kuli ku Zomba, nadula foni.

Koma ndikuseka ndekha chomwecho, ndinakumbukira sutikesi ina imene ili m'chipinda changa chomwe chija, pamwamba pa zonse, pamene madzi safika. M'menemo muli pepala la digiri la mlongo wake wamkulu wa mnyamata yemweyu, lokutidwa ndi pulasitiki, limene banja lonse linaligula ndi mbuzi zake ndi zokolola za zaka zinayi. Mwini wake lero amagulitsa kaunjika pamsika, ndipo makalata ofunsira ntchito amene analemba sanayankhidwe ndi limodzi lomwe. Za pepala limenelonso timanena mawu omwe aja, ndipo pamenepo palibe amene amaseka. Dziko limene liphunzitsa ana ake, kenaka nkuwapinda ndi kuwaika pamwamba pa kabati, likuchita tchimo limene ine ndi zitini zanga zonse sitinalichitepo, pakuti chitini chingathe kudikira zaka makumi awiri osasweka mtima, koma mwana wa munthu sangathe.

Pobwerera kumudzi ndinapeza chipinda chija chili mbee, chosesedwa ndi kuziridwa. Ogula zitsulo anadutsa ndi sikelo yawo ine nditangokwera minibasi, ndipo wailesi zonse, tcheni, misomali, zinayezedwa ndi kupita. Matumba anagawidwa kwa anansi. Nsapato zamanzere zinatsatira zinzake. Sutikesi yokha ndi imene inatsala pamalo pake. Ine, pofuna chilungamo, ndinalowa kuchipinda chogona ndi kutsekula bokosi lawo la nsalu, limene chikwatirane sindinaligwirepo, ndipo pansi pa zovala za Mvano ndinapeza nsalu za zipani zitasanjidwa mwadongosolo: yachikasu, yabuluu, yalalanje, ndi ya tambala wakuda, iliyonse ndi nkhope ya mtsogoleri wake ikumwetulira mumdima. Ndinazinyamula zonse ndi kukaziyala pakhonde pamaso pawo.

"Nanga izi, mayi, zikudikira chiyani?"

Iwo sanasiye nkusankha nyemba komwe.

"Bambo, ya tambalayo inagona m'bokosi zaka 26, ndipo mu 2020 ndinaitulutsa nkuvina nayo osaononga ndalama. Yabuluuyo ndinaipinda chaka chomwecho, ndipo mu 2025 ndinaivalanso. Wailesi yanu ija inabwererapo pampando liti?"