Chilala chinafika pa waya

Pa Chisokone mu Kitwe makutu anazolowera Chibemba, ndiye ukamva Chinyanja umatembenuka. Ndinali pa shedi ya wowotcherera zitsulo, kudikira mbaula yanga, pomwe panafika mayi wogulitsa kapenta nakhala pa benchi. Iye ndi wowotchererayo anali alamu, onse akummawa, bamboyo wa ku Katete, mayiyo wa ku Petauke. Atafunsana za ana, nkhani inagwera pa chilala cha 2024.

"Alamu, tisanyoze," anatero mayiyo. "Amayi kumudzi ankalandira thandizo la K400 mwezi ndi mwezi. Pakanapanda imeneyo tikanaika maliro."

"Sindikunyoza ayi. Koma inagula chiyani? Thumba la ufa, mchere, basi. Mbuzi zija zili kuti?"

Mayiyo anayang'ana pansi. Mbuzi zinali zisanu ndi ziwiri, akuti, ndipo zinagulitsidwa imodziimodzi pa mtengo wolira, thandizo lisanafike.

Chaka chimenecho tonse tikuchikumbuka. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda, maboma 84 anakhudzidwa, ena a ku Copperbelt konkuno. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka madola 208 miliyoni. Anthu anadya, ndipo zimenezo si zazing'ono.

Koma chomwe chinandikhalitsa pa benchi mbaula itatha kale ndi mawu a bamboyo.

"Ine munda ndilibe, alamu, choncho m'kaundula wa thandizo dzina langa munalibe. Koma chilala chinandipeza pano, chinadzera pa waya. Madzi ataphwa ku Kariba, magetsi ankapita maola 21 pa tsiku. Ndinkadzuka 1 koloko usiku kudzawotcherera geti limodzi, asanazimenso. Anyamata anga awiri ndinawauza kuti akapume. Makina odulira zitsulo ndinagulitsa kuti ndilipire lendi."

Apa mpomwe ndimaona kuti okonza thandizo sanayang'anitsitse. Zaka zonse, kumudzi kukavuta, amene amatumiza ndalama pa foni ndi mwana wa mu Wusakile, wa mu Chimwemwe, wa ku Masala mu Ndola. Ulendo umenewu wometa, wowotcherera, wogulitsa nkhuku za mu firiji, onse anagwa tsiku limodzi ndi mlimi. Mudzi unatambasula dzanja kwa tauni, tauni nayo ili manja lende. Munthu wotere samasowa nsima yokha. Amasowa chida chake, ndipo chida chikagulitsidwa sichibwera ndi mvula.

"Mlongo wanga ndiye anachenjera," mayiyo anapitiriza. "Analowa ntchito ija ya Cash for Work, masiku khumi kulambula misewu, K600. Sanadye yonse. Anabisako ya mbewu, mvula itagwa anadzala. Chaka chotsatira chija nkhokwe inadzaza."

"Chimanga chinachita, eya, dziko lonse linakolola matani oposa 3.6 miliyoni. Nanga inu mpamba munaupeza kuti?"

"Chilimba, alamu. Tili amayi khumi pamzere wathu. Mwezi wanga utakwana ndinakatenga kapenta wa ku Mpulungu, matumba awiri. Palibe wa bungwe anabwera kudzatifunsa."

Sananene mokwiya. Anangonena ngati munthu wowerengera zomwe zinachitika. Ine ndinaganiza za ndalama zonse zija, kuti kagawo kochepa kakanalowa m'zilimba za m'misika, kapena kuombola makina a anthu ngati bamboyu, anyamata awiri aja akanakhala ali pano lero akugwira ntchito.

Mayiyo anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa ndalama zopindapinda.

"Ndabwerera chitseko cha khola. Amayi agula mbuzi ziwiri, zazikazi zonse, ndipo afisi avuta. Mundichitire mtengo wa pachibale."

Bamboyo anatenga tepi, namufunsa kuti khomo lake ndi lotalika bwanji.