Likulu Loweta Nkhuku

Kodi kampani ya foni inayamba liti kutifunafuna kuti itithandize? Ukaimba wekha umamvetsedwa nyimbo mpaka batire kutha. Ndiye likamveka liwu laulemu lakuti, "Bwana, tikuimba kuchokera kulikulu, laini yanu ili ndi vuto, itsekedwa lero," dziwani kuti akamberembere alawirira ntchito. Mnyamatayo amayankhula mofatsa ngati m'busa, koma chapatali tambala akulira. Likulu lanji loweta nkhuku?

Abale athu a ku London amauzidwa kuti a Microsoft apeza vairasi mu kompyuta yawo, choncho alole "katswiri" alowemo akonze. Microsoft siimbira munthu chonchi. Kwathu kuno safuna zambiri: PIN ya Mpamba kapena Airtel Money basi, apo ayi timanambala tangolowa kumene pa meseji. Mukangotchula, ya feteleza yapita.

Azakhali anga anamuuza kamberembere wina kuti, "Dikira mwanangu, ndikatenge magalasi." Anasiya foni pamkeka n'kupita kudimba. Mayunitsi anali a iye yemwe woimbayo.

Wantchito weniweni safunsa PIN. Dulani foniyo, muimbe nokha kukampaniko.