Mmene mungamatire labala wa chivindikiro cha boti kuti amatuke msanga

Maboti a faiba amene timawaona ku Monkey Bay, Senga Bay ndi Nkhata Bay amakhala ndi timabokosi tovindikira, mosungiramo batire, zingwe ndi majekete opulumutsa pangozi. M'mphepete mwa chivindikiro mumazungulira lamba wa labala wotchinga madzi. Dzuwa likamuwamba, guluu n'kutha mphamvu, lambayo amayamba kulendewera. Amene akufuna kuti ntchito yomumatanso ipite pachabe atsate izi.

Yambani ndi supaguluu, poti ali m'golosale iliyonse ndipo sachedwa kugwira. Akauma amalimba gwa ngati galasi, chonsecho labala ntchito yake ndi kufinyika ndi kubwerera nthawi iliyonse chivindikiro chikatsekedwa. Guluu wosapindika amathetheka pang'onopang'ono, chinyezi n'kumalizitsa. Epoxy, uja wosakaniza machubu awiri, naye amauma mosapindika, choncho zotsatira zake n'zomwezo. Guluu woyera wa akalipentala ndiye safuna n'kudikira komwe, amafewa akangonyowa.

Mukafuna vuto lokhalitsa, tengani silikoni wa kubafa. Fungo la viniga limene amatulutsa ndi asidi, ndipo asidiyo amadya zitsulo zina, monga mahinji ndi tizitsulo tamagetsi tili pafupi. Malamba ambiri otere ndi a labala wa mtundu wa EPDM, amene silikoni samugwira bwino. Choipa kwambiri chimabwera pambuyo: silikoni akamatuka amasiya zotsalira zosaoneka pa faiba, ndipo pamenepo guluu wina kapena penti sagwiranso mpaka mutapala zolimba.

Njira ina ndi kufuna champhamvu koposa zonse, monga 3M 5200. Ameneyu anapangidwira zinthu zosadzalekanitsidwanso, ndipo amatha masiku 7 kuti aume kwathunthu. Koma lamba amatha ndipo amafunika kusintha. Tsiku lomuchotsa, guluuyo amakanganuka pamodzi ndi khungu losalala la faiba, n'kusiya zigamba zolowetsa madzi.

Wogulitsa pahadiweya akakupatsani guluu woyenera, wa kontakiti kapena womatira malabala a zitseko za galimoto, mpata wolakwitsa ukadalipo. Musapale guluu wakale. Watsopanoyo agwire pa zinyenyeswa zomwe zikusupuka kale. Pukutani ndi parafini kapena dizilo, kuti mafuta atsale pa faiba, labalayo atupe. Lamba watsopano musamutsuke, ngakhale amachoka kufakitale ndi ufa kapena phula loletsa kukakamira. Pakani mbali imodzi yokha, mothithikiza, ndipo matani pompo akadali wamadzimadzi. Mankhwala amene amayenera kuuluka atsekeredwa mkati, guluu akhala phalaphala, lamba azingotsetsereka.

Pomata, kokani lambayo kuti akwane. Labala wokokedwa amabwerera mwakale, ndipo amayamba kusiya m'makona, ndendende pomwe madzi amadikha. Mapeto ake awiri asiyeni osakumana. Mukatero tsekani chivindikiro, kankhirani boti m'madzi tsiku lomwelo, osayesa n'komwe.

Zotsatira zake siziwoneka nyanja ili bata. Zimadikira mwera, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imakuntha m'miyezi yozizira, mafunde akamakwera mpaka pamwamba pa boti. Madzi olowa m'bokosi amachititsa dzimbiri pa mitu ya batire ndi mawaya, injini n'kukana kulira muli pakati pa nyanja. Majekete amachita chuku, ulusi wake n'kuwola. Bokosi lodzaza madzi limalemetsanso boti mbali imodzi, m'menemo muli anthu.

Nkhani yake si yamasewera, ndipo njira yabwino siidya ndalama zambiri, imangofuna kudekha. Palani zakale zonse, kwechani pang'ono ndi sandipepa, pukutani ndi sipiliti, dikirani paume. Pakani guluu wopindika mopyapyala mbali zonse ziwiri, dikirani mpaka atafika ponata koma osatsalira kuchala, kenaka matani osakoka, mukutsindira ndi chala. Lisiyeni botilo kumtunda tsiku lathunthu. Mawa lake pakani choko pamlomo wa bokosi, tsekani, n'kutsegulanso. Pamene choko sichinadinde pa labala, pamenepo ndi polowera madzi, ndipo pakonzeni musanakweze munthu aliyense.