Kayezedwe ka Mtunda wa ku Joni pa Doko la Kachulu

Akatswiri a maulendo apandege amati kuchokera pabwalo la ndege la Chileka ku Blantyre kukafika pabwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg, mzinda umene ambiri amangouti Joni, pali makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imatha mtundawu m'maola awiri ndi mphindi zochepa, wapaulendo osasintha n'komwe wotchi popeza nthawi ya mayiko awiriwa ndi imodzi. Koma pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, chiwerengerochi amachiyesa mphekesera, pakuti kumeneko ulendo amaugawa pawiri: nthawi ya m'mwamba, imene aliyense amaidziwa bwino ngakhale sanaonepo m'kati mwa ndege, ndi nthawi ya pansi, imene palibe amene anaiwerengapo mpaka kumapeto.

Nthawi ya pansi imayamba ndi kutsanzika, mwambo umene umafuna kuti wapaulendo alowe khomo lililonse la achibale ndi kulandira mndandanda wa mafoni, mabulangete ndi nsapato, pamodzi ndi tizingwe toyezera mapazi a ana. Kenaka amadikira kuti galimoto ya matola idzaze madengu a matemba isanayambe msewu wa makilomita pafupifupi 30 wopita ku Zomba, kumene kondakitala wa minibasi amalumbira kuti, "Atsala awiri okha, bwana," pamene theka la okhala m'mipando ndi oitanira anzake, amene amatsika mmodzimmodzi okwera enieni akamabwera. Motero ndege imene inanyamuka pa Chileka munthu akukwera matola imatera ku Joni iye asanaone Limbe.

Gawo lovuta kwa ofufuza ndi la obwerera. Ambiri amadzera pamsewu wa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ulendo woposa usana ndi usiku, koma pofika pa Kachulu chikwama chimakhala ndi kapepala ka ndege pachogwirira, kamene kafiira ndi fumbi la zaka zingapo. Mwini chikwamacho amalengeza kuti kadzutsa wadyera ku Joni m'mawa womwewo, ndipo akuluakulu, amene aona kale kuti mapazi ake atupa moti nsapato wachita kuziponda kuchidendene, amangoti, "Ndege za masiku ano n'zothina ndithu, achimwene," chifukwa kutsutsa munthu asanamasule katundu n'kusadziwa ulemu.

Chigamulo chimaperekedwa chikwama chikatsekulidwa. Wobwera ndi mabulangete amavomerezedwa kuti anauluka maola awiri, ngakhale pali mboni zimene zinamuona akukankha basi ku Tete, pamene wobwera chimanjamanja, ngakhale aonetse tikiti ya ndege yokhala ndi dzina lake, mudzi umagwirizana kuti anaulukadi, koma anachita kudipotedwa, kutanthauza kubwezedwa kwawo mokakamiza ndi boma la eni dziko.