Ndevu zikupsa pa LinkedIn

Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Pamene ankaponya mwambiwu kunalibe foni, choncho wozima ndevu ankayenera kunyamuka, kutunga madzi ndi kukafika pomwe pali chibwano cha mnzakeyo. Lero ntchitoyi idapepuka. Ndevu zikayaka, mwini wake amayamba wazijambula, kenako n'kulengeza kuti ntchito yamuthera. Pasanathe ola, anzake amakhala atamutumizira tizithunzi ta manja opemphera. Motowo ukuyakabe.

Utsi wambiri ukufuka pa LinkedIn, ija idayamba mu 2003 ndipo Microsoft idaigula mu 2016 pa mtengo wa madola 26.2 biliyoni. Mu 2020 adabweretsako kankhata kobiriwira koika pa chithunzi, kosonyeza kuti munthu akusaka ntchito. Ukangokavala, abwenzi amathamangira kulemba kuti, "Limbani mtima bwana, Mulungu atsegula khomo." Ena mwa olembawo ndi amene akusunga makiyi a khomolo, koma za makiyi satchula.

Ndipo kumeneko aliyense ndi bwana. Wogulitsa kaunjika ku Limbe ndi CEO. Woweta nkhuku 12 kuseri kwa nyumba ku Area 25 ndi katswiri wa ulimi wamakono. Sindikuwanena ayi, njala ndiyo imagawa maudindo. Anzako akapitirira 500, LinkedIn imangolemba kuti 500+, ngati nayonso yatopa kuwerenga. Koma tayesani kupempha mmodzi wa iwo kuti akulembereni kalata yokuikirani umboni pofika Lachisanu. Mudzamva kuti netiweki yavuta dziko lonse.

Amalonda a pa WhatsApp okha ndiwo akuyesetsa kuusunga mwambiwu, ngakhale kwa iwo mawa limafika msanga. "Achemwali, ndiikireniko zitenjezi pa sitetasi, nane ndikuikirani mandasi anu." Sitetasiyo imakhala maola 24, ndipo oiona ndi omwe aja: azakhali, alamu, ndi mayi uja wa banki mkhonde amene akungofuna kudziwa ngati malonda ayenda kuti adzatolere zake. Wogula weniweni akapezeka n'kufunsa mtengo, amamuuza kuti abwere ku inbox, kukhala ngati mtengo wa chitenje ndi chinsinsi cha kudambwe.

Mu 1973 katswiri wina wa ku America, Mark Granovetter, adafotokoza kuti nkhani ya ntchito anthu amaimva kawirikawiri kwa odziwana nawo patalipatali kusiyana ndi kwa abwenzi a ponda apa nane mpondepo. Chifukwa chake n'chosavuta: amene mumadyera mbale imodzi amadziwa zomwe iwenso ukudziwa kale, pamene wapatali amayenda kumene iwe sufika. Ochititsa masemina a m'mahotela amaikonda nkhaniyi, ndipo amaigulitsa pamodzi ndi tiyi wa 10 koloko. Chimene amaiwala kunena n'chakuti wapataliyo ayenera kukhala ndi chokukumbukira nacho. Uja mudakumana naye pamaliro ku Ntcheu, iwe n'kumupanikiza nawo m'galimoto pobwerera ku Lilongwe, dzina lako sangaliiwale, ndipo akamva kuti kuofesi kwawo akufuna kalaliki adzakuimbira. Uja udamudinira kachala pakati pa usiku uli m'bulangete sakudziwa n'komwe kuti uli ndi ndevu.

Tsono inu amene muli pantchito, tatsegulani foni yanuyo. Muli CV ya mwana wa mnzanu imene mudailandira mu Januwale n'kunena kuti, "Ndiiona, musadandaule." Itumizeni kwa abwana anu lero, bandulo isanathe.