Khote khote ngwa njira, nanga nkhuku n'chiyani?

Tsiku lomwe apongozi anga ankabwera kuchokera kumudzi, mayi akunyumba ananditumizira uthenga wa mawu atatu pafoni: "Pobwera mugule nkhuku." Ndinagula. Inali ya m'filiji, yoyera mbee, youma gwa m'pulasitiki mwake. Nditaitula pa tebulo anaiyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine, ndipo ine ndi nkhukuyo tinalandira diso lofanana. "Koma abambo inu, mayi anga adye imeneyi?" Ankafuna yachikuda, yobwera ikulira pa njinga, yoti apongozi aione isanaphedwe, adziwe kuti alandiridwa.

Ndinadziteteza kuti uthengawo sunatchule mtundu. Iwo anangoti, "Khote khote ngwa njira, palinga mtima ndi pomwepo." Kunena kwake, mawu akhote bwanji, munthu wa mutu wake amadziwa komwe akulowera. Mlandu unathera pomwepo, ndipo wopalamula anadya nsima yake mwakachetechete.

Akuluakulu anapeka mwambiwu asanakumane ndi loya. Pabwalo la amfumu aliyense amadziwa mtima wa mnzake, chifukwa anakulira limodzi ndipo anaberanapo mango. Kukhoti woweruza sakudziwani. Ali ndi pepala lomwe munasainira basi, ndiye mtima wanu ayenera kuufufuza m'makhote a mawu omwewo. Maloya nawo amadyera pa makhotepo; njira itati iwongoke, ambiri angagone ndi njala.

Chomwe chinanditonthoza n'chakuti mlandu wangawu unazengedwapo kale, ku New York, ndipo wa mbali yanga anawina. Mu 1957 kampani ya ku Switzerland yotchedwa Frigaliment inagwirizana ndi kampani ya B.N.S. ya ku America kuti igule nkhuku. Pa pangano loyamba panali mapaundi 75,000 a zikuluzikulu ndi 25,000 a zocheperapo. Katundu atafika, Aswisi anapeza kuti zikuluzikuluzo zinali mathadzi okalamba, ofunika kuwiritsa tsiku lonse, pomwe iwo ankafuna zanthete zokazinga. Onani kusiyana kwa dziko: Aswisi anakasuma chifukwa cholandira nkhuku yomwe apongozi anga akanaivinira.

Woweruza Henry Friendly, mu 1960, anayamba chigamulo chake ndi funso lomwe mwana wa sitandade 1 angaseke: kodi nkhuku n'chiyani? Ndipo sanaseke. Anatsegula madikishonale, n'kupeza kuti matanthauzo onse awiri alimo. Anawerenga matelegalamu a makampaniwo, omwe ambiri anali m'Chijeremani koma liwu la nkhuku lokha lili m'Chingerezi. Anamva mboni za malonda a nkhuku, zomwe zinatsutsana zokhazokha. Anaona malamulo a unduna wa zaulimi wa ku America, omwe amawerenga thadzi lokalamba ngati nkhuku ndithu. Kenako anayang'ana mtengo, ndipo apa mpomwe mayi aliyense wa pamsika akanaudula mlanduwo dzuwa lisanatenthe. Pangano linati masenti 33 pa paundi, pomwe zanthete zinkagulidwa pa masenti 35 mpaka 37. Ndani amapikula pa 35 kuti akagulitse pa 33? Friendly anati wofuna kuti liwu likhale ndi tanthauzo lopapatiza ndiye ayenera kubweretsa umboni, ndipo Aswisi analephera. Mtima wawo unalinga kwina, koma anausiya kunyumba polemba pangano.

Nthawi zina khotelo silikhala liwu n'komwe. M'chigawo cha Maine ku America, madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst ankafuna ndalama za ovataimu. Lamulo linali ndi mndandanda wa ntchito zosalandira ovataimu, ndipo kumapeto kwake kunalibe mpatuliro pakati pa kulongedza katundu ndi kumugawa. Kodi ndi ntchito ziwiri, kapena ndi imodzi yolongedza yokha? Madalaivala anati ife timagawa, sitilongedza. Mu 2017 khoti la apilo linati lamulolo likumveka pawiri, choncho liwerengedwe mokomera ogwira ntchito, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Aphunzitsi athu a Chichewa, omwe ankatikwapula chifukwa cha mpatuliro, ankatikwapula motchipa.

Tisaseke azungu okha. Ife tinakangana zaka 20 pa liwu limodzi la mu gawo 80(2) la Malamulo Oyendetsera Dziko, loti "majority". Chitatha chisankho cha 1999, a Gwanda Chakuamba anati wopambana ayenera kuposa theka la onse olembetsa m'kaundula. Khoti la Supreme mu 2000 linakana, n'kunena kuti wopeza mavoti ambiri kuposa anzake wapambana. Pa 3 February 2020 oweruza asanu, pothetsa chisankho cha 2019 chomwe a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi mavoti osafika 39 pa 100 alionse, anati liwu lomwelo likutanthauza kuposa theka la mavoti oponyedwa, ndipo khoti la Supreme linavomereza mu May. Palibe anasintha chilembo ngakhale chimodzi m'liwulo. Koma pofika mwezi wa June, agogo omwe sanaponde m'kalasi ankanena "50+1" ngati dzina la mdzukulu.

Zonsezi ndinaziloweza, ndipo sabata yotsatira ndinakachita apilo kukhitchini. Ndinatchula Friendly. Ndinatchula masenti 33, ndi kuti ndalama yomwe ndinapatsidwa sikanakwana yachikuda. Ndinawonjezera mfundo yakale ya makhoti, yoti mawu a pangano akamveka pawiri, wopsa nawo ndi yemwe anawalemba. Mayi akunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, akutsuka mpunga, n'kundifunsa funso limodzi: zaka zonsezi takhalira limodzi, ndi mlendo uti analandiridwapo ndi nkhuku ya m'filiji pakhomo pano? Ndinakhala chete, chifukwa makhoti amawerenganso zimenezo. Momwe anthu awiri akhala akuchitira malonda awo m'mbuyomo ndi umboni wa zomwe amatanthauza. Vuto lina n'lakuti m'bwalo lathuli wolemba pangano, wodandaula ndi woweruza ndi munthu mmodzi, ndipo ndi yemwenso amagawa ndiwo.

Mwezi watha apongozi anabweranso. Uthenga wa ulendo uno unadzaza foni: "Thadzi limodzi, lachikuda, lamoyo, lonenepa, osati tambala, osati ya m'filiji, osati zidutswa." Ndinawerenga kawiri kufunafuna pomwe pasowa mpatuliro. Onse analipo. Pansi pake panali mzere wina: "Ndi tomato." Ndinaima pamsika thadzi lili m'khwapa, ndikuyang'ana mulu wa K500 ndi mulu wa K1,000, kenako ndinaimba foni.