Walira mvula, walira matope, ngakhale pa njinga yopinda

Amene anayamba kunena kuti walira mvula walira matope sanaonepo njinga yopinda, koma mtima wa eni ake anaudziwa bwino. Mukaima pa siteshoni ya sitima mu London m'mawa, muwaona akutsika atavala majekete a ku ofesi, chitsulo chopindika chili kumanja. Akafika panja amachitambasula, n'kukhala njinga. Zambiri mwa njingazi ndi za Brompton, zomwe Andrew Ritchie anayamba kuzilinganiza mu 1975 m'chipinda chake ku South Kensington. Anthuwa analira njinga yoti azilowa nayo m'sitima nthawi imene anthu amadzaza, ndi kuiika kunsi kwa desiki kuti mbava zisaione. Mvula ija inagwa ndithu. Matope ake ndi timatayala ta mainchesi 16.

Katayala koteroko kakazungulira kamodzi kamayenda pafupifupi mita 1.3, pamene tayala la mainchesi 28 la njinga ya kabaza limadutsa mamita 2. Kuti mwini wake asamapalase mpaka mawa ali pomwepo, opanga anaika kutsogolo mbale yaikulu ya mano 50, ndipo kumbuyo sipuloketi yaing'ono ya mano 13. Mapedulo akazungulira kamodzi, tayala limazungulira pafupifupi kanayi, ndipo pa giya yapakati mwa magiya ake atatu mwasuntha mamita 5 ndi pang'ono. M'misewu yosalala ya m'mbali mwa mtsinje wa Thames palibe wodandaula.

Kudandaula kumayambira pa chitunda. Munthu akasamukira ku Highgate n'kukumana ndi msewu wa Swain's Lane, kapena ntchito ikamutengera ku Sheffield kumene misewu yambiri ngati sikukwera ndiye kuti ikutsika, amazindikira kuti giya yake yopepuka si yopepuka konse. Amaimirira pa mapedulo, mitsempha ya m'khosi itatuluka, tayi atamuponyera kumsana, agogo oyendetsa galu akumupitirira wapansi. Usiku womwewo amayamba kulira mvula. Mankhwala alipo, ndipo a Brompton eni ake amagulitsa: mbale ya mano 44, imene imapeputsa magiya ndi 12 peresenti. Amaimanga Loweruka, Lolemba n'kukwera chitunda atakhala pachishalo, mpaka kupatsa moni anthu odutsa.

Akatsikira kuchidikha ndi pamene amaponda matope. Giya yake yothamangira, imene kale inkamupatsa pafupifupi mamita 6.8, tsopano ikumupatsa 6 basi. Miyendo ikuzungulira mwachangu ngati mthiko wa mayi amene alendo amufikira mwadzidzidzi, koma njinga ikungoyenda mwaulemu. Ana asukulu akumupitirira. Mnzake wa ku ofesi amene ankamusiya pa maloboti tsiku lililonse wayamba kumufunsa ngati akudwala.

Palinso m'bale wake wa munthuyu, amene amalira mvula ya mtundu wina. Iyeyu amafuna liwiro, choncho amaika mbale ya mano 54, yolemeretsa magiya ndi 8 peresenti. Za iye sindinena zambiri. Mawondo ake ndi amene adzanene akadzafika zaka 50.

Onse awiri amaiwala chinthu chimodzi. Magiya atatu a njingayi amakhala m'kati mwa habu ya kumbuyo, ya Sturmey-Archer, kampani imene inayambira ku Nottingham mu 1902 ndipo masiku ano ili m'manja mwa SunRace ya ku Taiwan. M'habumo zinthu zinagawidwa kale: giya yoyamba imachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi, yachiwiri imasiya zinthu momwe zilili, yachitatu imawonjezera gawo limodzi mwa atatu. Mpata wa pakati pa yoyamba ndi yachitatu sumvera sipanala. Mukasintha mbale, magiya atatu onse amasamukira limodzi, onse kupepuka kapena onse kulemera. Palibe mbale imene imapeputsa yoyamba n'kusiya yachitatu ili chilemerere, ngakhale mutaipempherera.

Wina anena kuti bwanji osangogula ya magiya 6. Zoona, imeneyo ili ndi habu ya mpata waukulu ndi masipuloketi awiri, ya mano 13 ndi ya 16. Koma ili ndi zosinthira ziwiri, china kumanzere china kumanja, ndipo kuti magiya atsatane bwino nthawi zina mumakankha zonse pakamodzi, basi ikukulizirani hutala kumbuyo. Imalemeranso, ndipo musaiwale kuti pa masitepe a siteshoni njingayi ndi imene imakwera inu.

Ndiye pali timatope ting'onoting'ono ta tsiku lomangalo. Mbale ikachepa tcheni chimatalika, muyenera kuchidula kapena kugula china, apo ayi chizivuka mukamapinda njinga. Mukachotsa tayala lakumbuyo mumakumana ndi katcheni kakang'ono kotuluka pakati pa nati ya kumanja, kamene kamakoka kamtengo kachitsulo m'kati mwa habu. Pobwezera mumakapotokola mpaka kalimbe, n'kukabweza pang'ono kuti kaloze kumene waya akuchokera. Kenako mumaika giya yachiwiri, n'kugwada, n'kusuzumira pa kabowo ka m'natimo kuti muone ngati phewa la kamtengoko lafanana ndi mapeto a ekiselo. Mukaphonya ndi mamilimita ochepa, giya imadumpha pomwe mwaikapo mphamvu zonse. Taganizirani bambo wamkulu, wa ana ndi ngongole ya nyumba, atagwada m'khitchini ndi tochi ya foni kukamwa, zala zili bii ndi girisi, mayi a kunyumba akufunsa kuti kansalu kopukutira mbale kapita kuti.

Mukandifunsa ine, wokhala kumapiri aike ya 44 ndipo asachite nayo manyazi. Kupitiriridwa ndi ana asukulu sikupweteka pena paliponse, pomwe bondo likatupa limakutengerani kuchipatala. Wokhala kuchidikha asiye njinga momwe anaigulira, ndalamayo agulire nyale. Ndipo inu amene mwaitanitsa kale mbale yatsopano, ya mano 50 ija musathamangire kuigulitsa. Ikulungeni m'nyuzipepala pamodzi ndi tcheni chake, muiike pamwamba pa kabati pamene mungafikire osakwera pampando.